Membala mmodzi, zinthu zisanu ndi chimodzi: ndiziika m'chiyani?

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ondipatsa ntchito ambiri ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, makamaka mabanki m'khonde amene akula moti kope la mlembi silikukwananso. Zofuna zawo sizisiyana kwenikweni. Membala aliyense ali ndi dzina, mudzi, nambala ya foni, masheya amene waponya, ngongole imene watenga ndi tsiku lobweza. Zinthu zimenezi ziyenera kuyendera limodzi, zisabalalike, ndipo ife timazitcha rekodi. Ndisanalembe mzere uliwonse, ndimayamba ndaganiza kuti rekodiyo ndiyisunga m'chiyani.

Ndimalemba mu Python, ndipo njira yachidule mmenemo ndi tuple. Mumangondandalika zinthuzo motsatana: dzina pamalo 0, mudzi pa 1, foni pa 2, mpaka kumapeto. Tsiku lolembalo zimakoma. Koma bwererani patapita miyezi ingapo, mupeza mawu akuti membala[4] akukuyang'anani. Kodi amenewo ndi masheya kapena ngongole? Zonse ndi manambala, choncho mukasokoneza kompyuta siidandaula, imangowerengera chiwongoladzanja pa ndalama zolakwika. Komiti ikadzati muwonjezere dzina la mboni pakati, malo onse a kutsogolo amasuntha, ndiye muzisakasaka pulogalamu yonse.

Ambiri amathawira ku dict, momwe chinthu chilichonse chimakhala ndi dzina lake. Zochokera pa intaneti kawirikawiri zimabwera mu JSON, ndipo zikalowa mu Python zimasanduka dict, ndiye pakhomo polandirira ndimayigwiritsa ntchito ndithu. Koma dict ili ngati thumba la kumsika, chilichonse chimalowa. Mukalemba "ngongle" m'malo mwa "ngongole" posintha rekodi, imangotsegula malo atsopano mwakachetechete, ngongole yeniyeniyo n'kukhala mmene inalili. Membala wabweza ndalama, koma pulogalamu ikuti sanabweze. Mlandu wotere umakathera pa msonkhano wa gulu, ndipo amene amachita manyazi ndi msungichuma wosalakwa.

Mu 2008, Python 2.6 inabwera ndi namedtuple, ntchito ya Raymond Hettinger. Iyi ndi tuple yomwe malo ake ali ndi mayina, moti mumalemba membala.ngongole, ndipo ikapangidwa siisinthika. Pa risiti ndi yabwino kwambiri, chifukwa ndalama imene munthu waponya tsiku lakuti siyenera kusinthidwa ndi wina aliyense. Pakalakwika, mumalemba risiti ina yokonza. Chokhumudwitsa chake n'chakuti pansi pamtima ikadali tuple. Rekodi ya masheya ndi ya chindapusa zikakhala ndi manambala ofanana, Python imati n'zofanana, ngakhale mayina ake ndi osiyana.

Pa rekodi ya membala, imene imasintha sabata ndi sabata, ndimasankha dataclass. Inalowa mu Python 3.7 mu 2018, ndipo anailemba ndi Eric V. Smith. Mumalemba dzina la chinthu chilichonse ndi mtundu wake, mzere umodzi umodzi, Python n'kukulemberani yokha zopangira rekodiyo, zoisonyeza ndi zoifananitsa ndi inzake. Wobwera pambuyo panu akatsegula fayilo, amaona pamalo amodzi zonse zimene membala ali nazo. Kwa ine phindu lalikulu ndi limenelo, pakuti pulogalamu imalembedwa kamodzi koma imawerengedwa zaka, kawirikawiri ndi munthu amene sanakuonenipo.

Koma musaikhulupirire mopitirira. Dataclass wamba imalola cholakwika cha "ngongle" chija. Kuti ikane, muyenera kuika slots=True, zomwe zinayamba mu Python 3.10 mu 2021, ndipo zimachepetsanso malo amene rekodi iliyonse imadya mu memory. Mitundu imene mwalemba ija nayonso Python siiyang'ana pulogalamu ikamayenda. Mutha kuika mawu pamalo a nambala, iyo osanena kanthu, pokhapokha mutayendetsa chida monga mypy. Pamene dataclass imakuthandizani yokha ndi pamndandanda: mukafuna kuti membala watsopano ayambe ndi list yopanda kanthu ya malipiro ake, imakana mpaka mutagwiritsa ntchito default_factory, kuopa kuti mamembala onse angagawane mndandanda umodzi. Mukafuna rekodi yosasinthika, frozen=True ilipo, ndipo masiku ano ngakhale marisiti ndimawalemba choncho.

Kusankha chosungira ndi theka chabe la ntchito, theka linalo ndi mtundu wa chinthu chilichonse. Nambala ya foni si nambala yowerengera. Za kwathu kuno zimayamba ndi 0, ndipo mukaisunga ngati int, 0 uja amasowa. Isungeni ngati mawu. Ndalama nazo zisalowe mu float. Funsani Python kuti 0.1 kuphatikiza 0.2 ndi zingati, ikuyankhani 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga tizigawo totere mu binary mongoyerekeza. Tinyenyeswa timeneti timachuluka pogawana masheya kumapeto kwa chaka. Ine ndimasunga matambala ngati nambala yathunthu, 100 pa kwacha iliyonse, kapena ndimatenga Decimal. Tsiku lobweza likhale date, osati mawu, kuti 03/04 asamveke pawiri.

Magetsi akazima, zonse za mu memory zimapita, choncho marekodi amagona mu SQLite, fayilo imodzi yosafuna seva, yomwe Python imabwera nayo kale. Dataclass ndi mmene rekodi imaonekera ikakhala m'manja mwa pulogalamu basi.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, zinthu zikapitirira ziwiri kapena zitatu, zipatseni mayina. Landirani ndi dict pakhomo, zisandutseni dataclass nthawi yomweyo, ndipo musaiwale slots=True.