Safunsa Anadya Phula: Za Makina Osunga Ziwerengero

Masiku ano timamva mau awa m'magulu a alimi, m'masitolo ndi m'mabanki a m'mudzi: "Tigule kompyuta, ndipo mabuku athu a ndalama adzalongosoka." Ife sitikana makinawo ai, koma tisanaturutse ndalama zimene tinazisonkha ndi thukuta, tiyeni timve umo anacitira iwo amene anayamba kugwiritsa kompyuta pa malonda.

Kapena tiyesa kuti anali eni banki, koma iai, anali ogulitsa tiyi. Kampani ya J. Lyons ya ku London inali ndi nyumba zambiri zomweramo tiyi, ndiponso munda wace wa tiyi ku Lujeri, ku Mulanje. Phindu la kapu imodzi linali laling'ono ndithu, kotero kuti kulakwa pang'ono powerengera kunali kokhoza kulimeza lonse. Cifukwa cace m'caka ca 1923 analemba nchito John Simmons, wodziwa masamu wocokera ku Cambridge, kuti apenyetsetse mayendedwe a mapepala a m'ofesi. Iye ndi anzace anafunsa za pepala liri lonse: Alilemba ndani? Lipita kwa yani? Nanga wolilandirayo acita nalo ciani?

Mu 1947 anatuma anthu awiri ku America kukaona njira zatsopano za m'maofesi, ndipo iwo anabwera ndi mbiri ya makina owerengera. Pamenepo kampani inapereka mapaundi 3,000 kwa ophunzira a ku Cambridge amene analikupanga makina otere, nipanga ace pambuyo pace, niwacha LEO. M'mwezi wa November 1951 LEO anayamba kuwerengera mtengo wa mikate ndi makeke sabata ndi sabata. Taonani, zinapita zaka 28 za kufunsa makina asanagwire nchito.

Mmodzi wa iwo, David Caminer, anayendera nyumba za tiyi kukapenya amai oziyang'anira, amene tsiku ndi tsiku analikutha nthawi yaikuru polemba zofunika mawa. Tsono anakonza kuti makina asunge ciwerengero ca zinthu zimene nyumba iri yonse izolowera kuitanitsa, ndi kuti mai anene pa lamya zokhazo zimene afuna kusintha. Makina anasonkhanitsa zonse, nadziwitsa ophika mkate ndi olongedza m'magalimoto. Nchito iyi inayamba mu 1954. Caka comweco LEO anayamba kuwerengera malipiro: cimene kalaliki anacicita mphindi 8, makina anacitha masekondi awiri asanakwane.

Kodi ife titengepo ciani? Ticite monga iwo, ngakhale gulu lathu liri laling'ono. Poyamba tikhale pamphasa pamodzi ndi mlembi, msungicuma ndi woyesa pa sikelo, titsate thumba limodzi la mtedza kucokera pa sikelo kufikira ndalama zace zilowa m'dzanja la mlimi, ndi kuona pamene lilembedwa kawiri ndi pamene sililembedwa konse. Caciwiri, tigwirizane zimene tifuna kudziwa pakutha pa mwezi: wangongole ndani, zatsala zingati m'nkhokwe. Cacitatu, tiwerenge mtengo wonse, wa magetsi, wa kukonzetsa, ndi wa kuphunzitsa anthu awiri, pakuti mmodzi akhoza kudwala kapena kusamuka. Ndipo makina akafika, buku lakale lisatayidwe msanga. Ziyendere pamodzi kufikira ziwerengero zace zibvomerezana.

Tinena izi pakuti makina sadziwa coona ndi conama. Alandira cimene tiwapatsa, nacicurukitsa mofulumira. Dzina la mai wamasiye likalembedwa molakwa, iye adzabwerera wopanda kanthu, ndipo msungicuma wosalakwa adzachedwa mbala pamudzi. Cotero tisacite manyazi kufunsa ndi kucedwa, abale, pakuti akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.