Banjo Yopanda Chithunzi

Madzulo ena a mwezi wa Okutobala tidaima pa Mtakataka kudikira kuti dzuwa lizizire. Patsinde pa mtengo wa mango tidapeza anyamata ataunjikana, maso onse ali pa foni imodzi. Titasuzumira tidaona munthu wakuda wovala suti ali pa piyano, akuimba mofatsa ngati mayi wogoneka mwana. Anali Nat King Cole, woimba jazi wa ku America, pa pologalamu yake ya wailesi yakanema ya NBC m'chaka cha 1957. Pambuyo pake adatsegula pologalamu ina yotchedwa Soul Train, natiwonetsa James Brown akuvina thukuta lili kamukamu.

Pambali padakhala mkulu wina wa imvi, ndodo ili pamiyendo. Atapenyetsetsa kanthawi adati, “Adzukulu, tandipezerani gulu lathu la ku Golomoti.” Adatifotokozera kuti m'zaka za m'ma 1970 iwo ndi anzao anai anali ndi gulu la jazi. Banjo yao idali ya chitini cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Anthu akagulitsa thonje, ukwati wopanda gulu limeneli sunkamveka kukoma. Mnyamata mwini foni adafufuza, nafufuzanso, kenaka adati, “Agogo, mulibemo.” Mkuluyo adangogwedeza mutu nati, “Mwa asanu aja ndatsala ndekha.”

Mau amenewa adatiperekeza njira yonse yokwera ku Mua, ndipo mpaka lero sadatisiye.

Kodi n'chifukwa chiyani nkhope ya mlendo wa kutsidya kwa nyanja tili nayo, koma ya mbale wathu wa ku Golomoti tilibe? Sikuti Cole zidamuyendera bwino. Pologalamu yake idayamba mu Novembala 1956 ndipo idatha mu Disembala 1957, poti makampani aakulu ankaopa kutsatsa malonda ao pa pologalamu ya munthu wakuda. Komabe padapezeka anthu osunga zithunzizo, n'chifukwa chake mwana wa kwa Kachindamoto akutha kumuona lero.

Kwathu kuno wailesi yakanema idafika mochedwa, m'chaka cha 1999. Kuyambira 1964 wailesi ya MBC inkatipatsa mau okha, ndiponso a okhawo amene adapeza mwai wojambulitsa nyimbo zao. Amwai ena ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Austria adawajambula pa kanema mu 1967. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma zala zao zikuonekabe pa gitala ndi pa chitoliro. Nanga magulu ena aja amene ankasangalatsa midzi yathu? Ambiri adalowa m'manda ndi nyimbo zao.

Pa zakalezo tingathe kunena kuti chidatilaka ndi umphawi. Koma lero tinamizira chiyani? Chojambulira chimene makolo athu sadachilote n'komwe chili m'matumba mwa ana athu. Timajambula nacho zovala za paukwati, ngozi za pamseu, ngakhale anthu akumenyana pamsika. Gogo amene ali pakhonde, wodziwa nyimbo za pamtondo, za ngoma ndi za banjo, timampitirira ngati chitsa. Paja amati mau a akuluakulu akoma akagonera; koma adzagonera kuti ngati palibe wowasunga?

Tsono makolo anzathu, ntchito iyi ndi ya pabanja. Lamulungu likudzali, mutadya nsima ya masana, tumani mwana akhale pafupi ndi agogo ake, awapemphe nyimbo imodzi, awajambule, alembe dzina lao, mudzi ndi chaka. Zojambulazo muzisunge malo awiri, poti foni imatayika.

Ifenso tili ndi mlandu. Tsiku lija tidachoka pa Mtakataka osampempha mkulu uja kuti atiimbire, ngakhale kumfunsa dzina. Takhala tikuima pamtengo uja nthawi zonse tikamadutsa, koma sitidamuonenso.