Anapiye 100 ndi mawu akuti "pakadali pano ayi"

Chiyambireni kuweta nkhuku zanyama chaka chatha, mawu amene ndayankhula kwambiri ndi akuti "pakadali pano ayi". Anzanga a m'kalasi amandifunira zabwino. Wina akuti ndiwonjezere nkhuku zamazira, wina akuti zinziri zili ndi msika, winanso akuti ndilipire munthu andijambulire chizindikiro cha bizinesi. Maganizo onsewa ndi abwino, koma mpamba wanga ndi wokwanira anapiye 100 basi.

Nkhuku yanyama imafika pogulitsa m'masabata 6. Yamazira imadya pafupifupi miyezi 5 isanayikire dzira loyamba. Ine amene fizi ya temu yamawa ili m'kholamo, miyezi isanuyo sindingayidikire.

Choncho ndimasamala zinthu zitatu. Choyamba ndi chakudya, chifukwa ndi chimene chimamaliza ndalama zambiri. Chachiwiri ndi katemera wa chitopa ndi gumboro pa nthawi yake, poti kuchedwa pang'ono kungandithere khola lonse. Chachitatu ndi ogula. Ndimayamba kuwafunafuna sabata yachinayi, chifukwa nkhuku ikakula, tsiku lililonse limene yagona m'khola ikudya phindu langa. Zina zonse ndimazilemba kumapeto kwa kope, zidikire mayeso athe ndiponso mpamba ukule.

Ngakhale makampani akuluakulu amatero. Steve Jobs atabwerera ku Apple mu 1997, anasiyitsa katundu wambiri n'kutsala ndi mitundu inayi ya makompyuta.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ngati mwangoyamba kumene, gwirani nthambi imodzi mpaka mutathyola chipatso chake.