Nthawi imene tinkasankha amplifaya ndi msana

Woyimba gitala wa nyimbo za rock kapena metal akagula amplifaya m'zaka za m'ma 1990, anzake sankayamba n'kumufunsa mtengo. Ankamufunsa kuti walowa mbali iti. Panali a Marshall, panali a Mesa/Boogie, panali a Peavey, ndipo aliyense ankaikira kumbuyo bokosi lake mpaka malovu kuuma m'kamwa. Ndalama zake zinali zoti ugula kamodzi basi. Chimene wasankhacho ndicho uzimveka nacho zaka zambiri zikubwerazo, ufune usafune.

Ine zimenezi ndidazipeza ku Johannesburg chakumapeto kwa zaka zimenezo, nditachoka ku Blantyre kukasaka ntchito monga ankachitira anyamata ambiri. Kwathu ndidakulira gitala ya mawu oyera, ya kutchalitchi ndi ya mabandi a dansi, yodutsa m'maamplifaya a matransisita monga Peavey Bandit, kapena Roland JC-120 bandi ikakhala yopezako bwino. Gitala yosasa mawu ndinkangoimva m'makaseti a Paul Ngozi amene amalume ankabwera nawo kuchokera ku Chipata. Ku Joni ndidapeza malo pashopu ina yokonza zoyimbira. Ntchito yanga inali kunyamula, kupukuta fumbi ndi kugwirira mawaya, kenaka pang'onopang'ono adayamba kundilola kuwotcherera. M'menemo ndi m'mene ndidaonera koyamba m'kati mwa amplifaya ya mavavu: timabotolo tagalasi toyaka mofiirira, titandanda pafupi ndi mathiransifoma awiri olemera.

Zimene zimachitika m'katimo si zovuta kumvetsa. Mawu ochokera kugitala amakhala ofooka kwambiri. Amalowa m'vavu yaing'ono, kawirikawiri 12AX7, imene imawakuza n'kuwapatsira inzake. Vavu iliyonse ili ndi polekezera. Ukaipatsa zoposa mphamvu zake imadula nsonga za mawuwo, ndipo kudulako ndiko khutu limamva kuti gitala yasasa kapena ikubangula. Pa Marshall za m'ma 1960, kuti upeze kubangula kumeneku unkayenera kutsegula voliyumu yonse mpaka mazenera kunjenjemera. Randall Smith wa ku California, amene adayambitsa Mesa/Boogie, ndi mmodzi mwa oyamba kulumikiza mavavu ang'onoang'ono motsatizana, iyi kukankha iyo, kuti mawu asase asanafike kumavavu akuluakulu oyendetsa masipika. Carlos Santana ndiye adatchukitsa mabokosi akewo. A Marshall nawo adaika voliyumu yachiwiri pa amplifaya yawo ya 2203 mu 1975, ndipo yomweyo idadzatulukanso mu 1981 ndi dzina la JCM800. Zimene oyimba amazitcha high gain zidayambira pamenepo.

Pamene ine ndinkafika, mkangano waukulu unali pakati pa mabokosi atatu. JCM800, imene kawirikawiri imakhala ndi mavavu a EL34, mawu ake amakhala pakatikati, osati pansi kwambiri, ndipo amaboola ng'oma ndi besi popanda kulimbana nazo. Payokha siisasa kwambiri malinga ndi makutu a lero, n'chifukwa chake ambiri ankaikankha ndi kabokosi koponda ndi phazi. Ndi imene bandi ya Slayer inkagwiritsa ntchito. A Mesa anali atadzipangira kale mbiri ndi Mark IIC+, imene imamveka pachimbale cha Metallica cha Master of Puppets cha mu 1986, koma bokosi limene anyamata ankalota tulo linali Dual Rectifier, lotuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, lokhala ndi chitsulo chonyezimira kumaso. Mawu ake ndi aakulu, apansi, odzaza chipinda, ndipo ndi amene adanyamula mabandi monga Korn ndi Linkin Park. Kumbuyo kwake kuli kosinthira: magetsi awongoledwe ndi mavavu, amplifaya imveke yofewa pansi pa zala, kapena awongoledwe ndi timadayodi ta silicon, imveke yolimba. Vuto lake n'lakuti pansi pake pamatayirira. Woyimba mothamanga ankaika Ibanez Tube Screamer patsogolo, kusasa kwake atatsitsiratu koma voliyumu atakweza, kuti kabokosiko kadule mawu apansi asanalowe. Nzeru imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Lachitatu linali Peavey 5150 la mu 1992, limene kampani ya ku Meridian, Mississippi idapanga mogwirizana ndi Eddie Van Halen. Mawati 120, mavavu anayi a 6L6 ndi asanu a 12AX7. Linali lotsikirako mtengo poyerekeza ndi anzakewo, losakongola, ndipo ukasiya kukhudza zingwe linkangoti syiii osaleka. Mawu ake oyera analibe chokoma. Koma ukatsitsa zingwe n'kuyamba kuzimenya utazipsinja ndi chikhatho, panalibe lina lofanana nalo, ndipo chimbale cha Machine Head cha Burn My Eyes cha mu 1994 chidaphunzitsa dziko lonse zimenezo. Van Halen atasiyana ndi Peavey, bokosilo lidasintha dzina mu 2005 n'kukhala 6505, pokumbukira zaka 40 za kampaniyo kuchokera mu 1965, ndipo iye adakapanga 5150 III ndi a Fender. Soldano SLO-100 ya mu 1987, imene akatswiri ankailemekeza kwambiri, ife tinkangoiona m'magazini.

Ine ndinali wa 5150, ndipo chifukwa changa chinali cha pabenchi yokonzera osati cha pasiteji: inkapirira kugwetsedwa, kutenthedwa ndi kunyamulidwa pabakkie m'misewu yafumbi, n'kumagwirabe ntchito.

Kasankhidwe kake nako kanali ka thupi. Unkapita kushopu Loweruka m'mawa ndi gitala yako, wogulitsa n'kukulola kutsegula kwa mphindi zochepa makasitomala ena asanayambe kukuyang'ana moipa. Ukafuna kudziwa zambiri unkabwereka ya mnzako, kapena kupita kukaonera bandi imene ili nayo n'kuima kutsogolo kwa masipika. Kenaka pankabwera funso la kunyamula. Amplifaya yokhayo inkaposa makilogalamu 20, ndipo bokosi la masipika anayi a mainchesi 12 linkayambira pa makilogalamu 35 kupita m'tsogolo. Wopanda galimoto kapena mnzake wagalimoto ankasankha ndi msana asanasankhe ndi khutu. Ndidaona mabandi akusungabe woyimba besi wosadziwa kwenikweni kuyimba chifukwa choti anali ndi bakkie.

Mu 1998 kampani ya Line 6 idatulutsa POD, kabokosi kofiira kokwana m'chikwama, kamene kankati katha kutsanzira maamplifaya otchuka onsewa pogwiritsa ntchito masamu a kompyuta. Tidakaseka, ndipo tinali ndi chifukwa: kankamveka kopyapyala ndipo sikankamvera dzanja. Koma anthu ankakagula, chifukwa munthu ankatha kujambula nyimbo usiku mwana ali mtulo. Mu 2006 kudabwera Axe-Fx ya Fractal Audio, ndipo kuseka kudayamba kuchepa. Mu 2011 Christoph Kemper wa ku Germany adabweretsa makina amene amatumiza mawu oyesera m'amplifaya yeniyeni, n'kumvetsera zotuluka kudzera pamaikolofoni, n'kusunga khalidwe lake lonse. Amplifaya ya mwini wake inkatha tsopano kutumizidwa pa intaneti ngati chithunzi. Metallica, bandi imene idagulitsa ma Mesa ochuluka kuposa wogulitsa aliyense wa m'shopu, idayamba kuyenda ndi Axe-Fx pamaulendo ake. Lero kuli Quad Cortex ya Neural DSP ya ku Finland, ndiponso pulogalamu yaulere ya Neural Amp Modeler, imene mnyamata wa ku Area 25 kapena ku Chilenje angaike palaputopu yake n'kukhala ndi JCM800, Rectifier ndi 5150 madzulo amodzi.

Chimene zipangizo zimenezi zidaulula chidatichititsa manyazi tonse amene tinkakangana. Munthu ukatha kusintha amplifaya ndi batani limodzi, sipika ndi maikolofoni zili zomwezo, umazindikira kuti mabokosi atatu aja, ukawakweza kusasa n'kuwaika pakati pa ng'oma ndi besi, amasiyana pang'ono kuposa m'mene tinkalumbirira. Koma siya amplifaya yomweyo, sintha sipika, chotsa Celestion Vintage 30 uike Greenback, kapena suntha maikolofoni ya Shure SM57 chala chimodzi kuchoka pakati pa sipika, mawu onse asintha moti ngakhale amayi ako azindikira. Zaka zonse zija tinkakanganira bokosi lapamwamba, pamene gawo lalikulu la zimene tinkakonda m'zimbale linali m'bokosi lapansi la masipika, m'manja mwa wojambula ndi m'dzanja lamanja la woyimba. Sindikunena kuti kusiyana kulibe. Rectifier ndi Marshall sizimva chimodzimodzi pansi pa zala, ndipo woyimba amayimba mosiyana malinga ndi m'mene bokosi likumuyankhira. Koma womvera kunja kuno zambiri mwa izo sizimufika.

Malo oyimbira nawo adasintha, ndipo ndikuona kuti ichi ndicho chidapha mawati 100 kuposa makompyuta. Amplifaya zazikuluzi zidapangidwa nthawi imene gitala inkayenera kudzaza holo payokha. Lero zonse zimadutsa pamikisa, oyimba avala timahedifoni m'makutu, ndipo wosakaniza mawu akaona bokosi la masipika anayi likukwera pasiteji nkhope yake imagwa. Adzakuuza kuti tsitsa, utsitse, akuuzenso kuti tsitsa, mpaka mavavu akuluakulu aja angokhala akuyaka osagwira ntchito. Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti mawati 100 saposa mawati 50 kawiri pakumveka. Kusiyana kwake ndi madesibelo atatu okha, ndipo kuti khutu limve kuti phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Ndiye kuti amplifaya ya mawati 15 si yofatsa ayi. Orange Tiny Terror itatuluka mu 2006 ndi mawati 15 amenewo, makampani ena ambiri adathamangira kupanga timabokosi totere. Kugula mawati 100 oti uziyimbira kuchipinda kuli ngati kugula lole yoti uzikagulira tomato pamsika.

Mu 2022 tidakumbutsidwanso kuti mavavuwo amachokera kutali ndipo opanga ndi ochepa. Mayiko ambiri adasiya kuwapanga ochuluka kalekale wailesi ndi TV zitasamukira kumatransisita. Ambiri a m'maamplifaya a gitala ankachokera kufakitale ya ku Saratov ku Russia, imene imapanga a Sovtek, Electro-Harmonix ndi Tung-Sol, ku JJ Electronic ku Slovakia, ndi ku China. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba, katundu wa ku Russia adasokonekera, mashopu adayamba kugulitsa mowerengera ndipo mitengo idakwera. Mavavu akuluakulu amatha, ndipo sugula imodzi. Umagula awiri kapena anayi oyezedwa kuti afanane, kenaka pamaamplifaya ambiri katswiri ayenera kukonza bias kuti asatenthe mopitirira. Chaka cha 2021 Mesa/Boogie nayo inali itagulidwa ndi Gibson, ndipo Eddie Van Halen anali atamwalira mu 2020. Mabokosi akupangidwabe, koma mapulani a m'kati mwake sadasinthe kwenikweni kuchokera nthawi ya unyamata wanga.

Komabe amplifaya yanga ndikadali nayo, ndipo sindiigulitsa. Pali chimene chimachitika ukaima kutsogolo kwa masipika anayi akukankha mpweya: zingwe zimamva phokoso lawo lomwe n'kuyamba kulira zokha, noti imakana kufa, ukachepetsa dzanja amplifaya imafatsa, ukamenya imakubwezera. Makina atsopano amatsanzira bwino kwambiri amplifaya yojambulidwa ndi maikolofoni, ndiye kuti zimene womvera amamva. Zimene woyimba amamva m'chifuwa zimafuna sipika yeniyeni ndi malo okulola kusokosa, ndipo malo otero akucheperachepera.

Achinyamata akwathu amandifunsa pafoni kuti agule iti pakati pa Rectifier ndi 6505 imene aiona yotchipa pa intaneti. Ndimayamba ndawafunsa zina. Ikuchokera kuti? Ya ku America imafuna magetsi a 120V, pamene ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230V, ndipo ukaiyatsa popanda thiransifoma yotsitsira waiwotcha tsiku lomwelo. Ya ku Britain kapena ku South Africa ilibe vuto limenelo. Magetsi a kwanuko amakhazikika, kapena muziyimbira pajenereta? Mavavu sakondwera ndi magetsi okwera ndi kutsika. Mukudziwa kuti siyatsidwa popanda kulumikiza sipika, chifukwa thiransifoma yotulutsira mawu ikhoza kupsa? Nanga ikadwala aikonza ndani? M'katimo mumakhala mphamvu yoposa 400V imene imatha kutsalira ngakhale mutazula pakhoma, choncho si ntchito ya wokonza mafoni.

Wongoyamba kumene ayambe ndi pulogalamu yaulere ndi mahedifoni abwino, ayese mabokosi onse atatu mpaka adziwe mawu amene dzanja lake likufuna. Amene ali ndi bandi, malo oyesererako ndi katswiri wodziwa mavavu pafupi, agule ya mawati 15 kapena 20 yogwirizana ndi magetsi akwathu, ndipo ndalama zotsalazo aike pasipika yabwino.