Wogona Naye Chipinda Sasankhidwa

Mwezi wa September ukafika kuno ku Britain, kapena February kwa anzathu a ku South Africa, ambiri a ife timanyamula masutikesi kuperekeza ana athu ku yunivesite. Sipapita masabata ambiri foni isanalire: "Amayi, anthu amene ndikukhala nawo kuno ndi ovuta." Yankho limene limafulumira kutuluka pakamwa pathu ndi limene tinakulira: "Pirira mwanawe." Koma kodi ndi lokhalo limene hositelo inatiphunzitsa?

Ife amene tinaphunzira m'sukulu zogonera komweko ku Malawi tikudziwa kuti wogona naye chipinda sasankhidwa. Tinkafika ku Fomu 1 ndi sutikesi, ndowa ndi kamba wa chiponde ndi shuga, n'kupeza bedi losanjikiza likutidikira. Pamwamba pamagona wa ku Rumphi wolankhula Chitumbuka, pambali wa ku Mangochi wolankhula Chiyao, kukhomo wa ku Nsanje wolankhula Chisena. Kwa zaka 4, matemu 3 pachaka, tinkapuma mpweya umodzi.

Ovuta analipo a mitundumitundu. Panali wobwereka sopo amene sankadziwa njira yobwezera. Panali woliza mkonono ngati chigayo. Panali wosunga masokosi akuda kunsi kwa matiresi mpaka temu kutha. Mayeso a MSCE akayandikira, panalinso wodzuka 3 koloko m'bandakucha, kuyatsa getsi, kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asasinze, n'kumaloweza mokweza pamene ena tili m'tulo.

Chimene chinkatipulumutsa sichinali kupirira kokha. Popeza panalibe chitseko chobisalako, nkhani inkakambidwa maso ndi maso, tsiku lake lomwelo, isanatupe. Tinaphunzira kudzudzula chochitikacho osanyoza munthuyo. Kunena kuti "getsili likutilanda tulo, bwanji uzikawerengera m'kalasi?" kunkatsegula njira, pamene kunena kuti "ndiwe wodzikonda" kunkayambitsa udani wa temu yonse. Tinaphunziranso kuti khalidwe lovuta nthawi zambiri limakhala ndi gwero. Wobwereka sopo uja kawirikawiri anali mwana amene kwawo anavutika kupeza ngakhale fizi, ndipo manyazi ndiwo ankamuletsa kunena. Pa masiku a mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, supuni ya chiponde yogawana inkathetsa milandu imene pulifekiti akanailephera. Pajatu mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Ana athu kuno ali m'dziko lina. M'nyumba zambiri za ophunzira aliyense ali ndi chipinda chake ndi kiyi wake, ndipo chogawana ndi khitchini basi. Poyamba zimaoneka ngati mwayi, komatu nkhondo zonse zimasamukira kukhitchini komweko: mbale zosatsuka m'sinki, mkaka wosowa m'firiji, phokoso la usiku, zinyalala zosatayidwa. Mmalo molankhulana, wina amamata kapepala pa firiji, wina amalemba mawu obaya pagulu la WhatsApp, kenaka aliyense n'kudzitsekera. Anthu angakhale nyumba imodzi chaka chonse cha maphunziro osapatsana moni. Mwana wathu, amene mwina ndi yekhayo wakhungu lakuda m'nyumbamo, angayambe kudyera m'chipinda, n'kusiya kuphika zakwathu poopa kusekedwa.

Tikumbukirenso kuti wovuta si mnzake wa mwana wathu nthawi zonse. Usipa umene tinamulongedzera mwachikondi ukalowa m'mafuta, fungo lake limadzaza nyumba yonse, ndipo utsi ukachuluka alamu ya moto imalira n'kutulutsa anthu panja kukuzizira. Kwa ife ndi fungo la kwathu, kwa mnzake ndi chiyeso. Kutsegula zenera, kuchenjeza anzake, ndi kuwapatsako nsima kuti alawe, n'zazing'ono koma zimamanga mudzi.

Komabe pali malire amene tiyenera kuwanena mosapsatira. M'sukulu zambiri kwathu munali mchitidwe wozunza ana a Fomu 1: kuwachapitsa zovala za akuluakulu, kuwalanda kamba, kuwadzutsa usiku kuti avine. Ena ankati kumeneko n'kukhwimitsa mwana, koma zinali nkhanza, ndipo ena anasiya nazo sukulu. Choncho tisaphunzitse ana athu kupirira chilichonse. Mkonono ndi mbale zakuda n'zokambirana. Kuba, kuopseza, mawu atsankho ndi kugwiragwira thupi la wina n'zokanena msanga ku ofesi yoyang'anira malo ogona, kumene wophunzira angapemphe kusamutsidwa. Kuno mwana wa zaka 18 ndi wamkulu pamaso pa lamulo, ndipo kawirikawiri yunivesite sikambirana nkhani zake ndi makolo popanda chilolezo chake. Ngati sitinamuphunzitse kudziyankhulira, palibe amene adzamuyankhulire.

Tsono foni ija ikalira, tiyambe tamvetsera. Tifunse chimene chachitika, ngati walankhula naye mwini wakeyo, ndiponso ngati akugona ndi kudya bwino. Tikatero tidzadziwa ngati ili nkhani yopirira, yokambirana, kapena yokanena. Ambiri mwa amene tinkakangana nawo chifukwa cha sopo ndiwo lero amatilandira pabwalo la ndege ndi kutikhalira pamaliro. Akuluakulu sananame: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.