Mpando wa ku Kiel

Nditafika ku Kiel, mzinda wa padoko kumpoto kwa Germany, ndidali mlendo wosamva chiyankhulo, ndipo chisanu chidanditsekera m'nyumba. Tsiku lina mayi achikulire amene ndinkachita lendi kwawo adandipatsa tikiti ya malemu amuna awo, nati, "Mpando umenewu usamakhale wopanda munthu."

Umu ndi mmene ndidadziwira THW Kiel, timu ya handball imene aitsatiri ake amaitcha Mbidzi chifukwa cha malaya ake oyera ndi akuda. Kalabuyi idayamba mu 1904 monga bungwe la masewero olimbitsa thupi la anthu a ku Hassee ndi Winterbek. Idatenga chikho cha Champions League mu 2007, 2010, 2012 ndi 2020. M'nyengo ya 2011/12, mphunzitsi ali Alfreð Gíslason, idapambana masewero onse 34 a mu Bundesliga.

Komatu chimene chidakhazikika mumtima mwanga si zikhozo ayi. Ndi bambo wa pampando woyandikana ndi wanga, pakati pa anthu oposa 10,000, amene sadandifunse kumene ndidachokera. Adangonditchulira dzina la malemuwo, nandigwira chanza.

Mu Disembala 2020 Mbidzi zidagonjetsa Barcelona ku Köln m'holo yopanda oonerera chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ndidaonera pa kanema ndili kwathu, maso ali pa mipando yopanda anthu ija. Usiku womwewo ndidawalembera mayi aja kalata imene ndidaizengereza kwa zaka zambiri. Yankho silidabwere.