Ndidasanduka Mlendo Kwathu

Funso limene lidandibweza kumudzi lidachokera kwa mwana wa Fomu 2. Ine ndimaphunzitsa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale mumzinda wa Francistown, m'dziko la Botswana. Tsiku lina ndidali kufotokoza kuti Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja zonse za madzi opanda mchere, ndipo ana a dziko louma lija adamvetsera kukamwa kuli yasa. Kenaka mtsikana wina adakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi nsomba za mbunazo mudazionapo ndi maso anu?" Ndidasowa choyankha. Ine wokulira pa boma la Mangochi, mbuna ndinkangozidziwira m'mabuku olembedwa ndi alendo.

Motero sukulu zitatsekera mu Ogasiti 2022, ndidakwera basi yodzera ku Bulawayo, Harare ndi Tete mpaka kulowa m'Malawi pa Mwanza. M'thumba ndidali ndi kapepala kamene ndidalembapo malo oti ndikaone. Ndiulule pano kuti dzina la mnzanga wa paubwana, amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale kufupi ndi kwa Mponda, lidali kumapeto kwenikweni kwa kapepalako. Mayi ake, amene ankatipakulira nsima m'mbale imodzi tili ana, adamwalira mu 2020 malire a mayiko ali otseka chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ndidatumiza ndalama pa foni, ndipo malire atatsegulidwa ndidadzinamiza kuti ngongole ndidabweza kale.

Koma mnzangayo ndiye adadzandichingamira pa depoti, kotero kuti ulendo wanga udayambira kumene ndidafuna kuti ukathere. Tidakapeza bambo ake atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Nditapereka mawu a chipepeso, mkuluyo adandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwanangu, ndalama zako tidalandira, ndipo zidatithandiza pa sadaka. Koma ndalama sikhala pamkeka." Sadawonjezepo kanthu. Ine ndidazyolika, mawu onse amene ndidakonza m'basi atandithawa. Mwamwayi chibale ndi fupa, sichiola: madzulo omwewo tidadyera pamodzi nsima ya usipa wofutsa, ndipo mnzanga ataona kapepala kanga adaseka nati, "Achimwene, malo onsewa ndikuperekezani ndine."

M'mawa mwake tidayambira pa nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Ndili mwana ndinkaidutsa tsiku ndi tsiku osaima n'komwe. Idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tawuniyi ikutchedwa Fort Johnston, dzina la linga limene Angerezi adakhazikitsa mu 1891 polimbana ndi malonda a akapolo. Pambali pake pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idaphulitsa sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa dooko limene lero ndi Liuli, ku Tanzania. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu Julayi 1946, kumpoto kwa nyanjayi. Ndidaima pamenepo ndi kope m'manja ngati mwana wa sukulu, mnzanga akundifotokozera mbiri ya kwathu komwe.

Tsiku lachitatu tidalowera ku Monkey Bay, kudooko la sitima ya Ilala imene idayamba maulendo ake mu 1951. Kuchoka apo tidatsata msewu wokhotakhota wa m'mapiri wopita ku Cape Maclear, ndipo panjira tidaima pa Mwala wa Mphini, chimwala chimene nkhope yake ili mizeremizere monga mphini za agogo athu. Dera limeneli lili m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene boma lidakhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidailemba pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Pa mudzi wa Chembe tidadikira kuti mwera uleke, kenaka mnyamata wina adatiwolotsa pa boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Atafika pa miyala adanyenya buledi m'madzi. Posakhalitsa madzi adachita ngati awira: tinsomba tobiriwira, tachikasu, tamawangamawanga ndi tamizere tidazinga dzanja langa, tina n'kumandijompha zala. Izi ndizo mbuna, zimene zimakhala m'miyala ndi kulera ana awo m'kamwa. Chapamwamba nkhwazi idalira, ndipo ine, munthu wa imvi za apo ndi apo, ndidaseka ngati khanda. Komabe chimwemwe changa chidachepa pamene msodzi wina wachikulire adatiuza kuti chambo chimene kale ankachipha chochuluka tsopano chikusowa, chifukwa anthu achuluka ndipo ena amakokera ndi maukonde a udzudzu omwe, osasiyako ngakhale tiana ta nsomba. Buku limene ndimaphunzitsira silidandiuze zimenezo.

Tisadabwerere tidapita ku manda a amishoni, pansi pa phiri. Pamalo amenewa ndi pamene mishoni ya Livingstonia idayambira mu 1875, Dotolo Robert Laws ali m'gululo. Malungo adawasautsa kwambiri, kotero kuti mu 1881 adasamukira ku Bandawe, atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Ndidawerenga dzina la Dotolo William Black, amene adamwalira mu 1877, ndipo mtima udandigunda. Awa adali anthu ogwira ntchito kutali ndi kwawo, monga ine. Kodi abale awo adafikapo kudzakhala pamkeka? Nanga ine likadzandigwera tsoka ku Botswana, adzabwera ndani ngati ine sindipondako kwa anzanga? Mnzanga adangondigwira paphewa, osanena kanthu.

Masiku otsala a tchuthicho kapepala kaja ndidakasiya m'chikwama. Ndidayendera aphunzitsi anga opuma ntchito, anzanga a m'kalasi ndi anansi athu akale, ndipo pakhomo paliponse ndidauzidwa za ukwati, kubadwa kwa ana ndi maliro amene adandiphonya. Ena adandilonjera monga mlendo, ndipo sadalakwe, pakuti mlendo ndi mame. Koma ine sindidafune kukhala mame pa dziko limene mchombo wanga udakwiriridwa.

Nditabwerera ku Francistown ndidamuyankha mtsikana uja kuti mbuna ndidaziona, ndidazigwira, ndipo zidandijompha. Kalasi lonse lidaseka. Chimene sindidawauze anawo ndi chakuti phunziro lalikulu la ulendowo ndidalilandira pamkeka, pansi pa mtengo wa mango. Kuyambira chaka chimenecho, tchuthi cha Ogasiti chikayandikira ndimalembabe kapepala kanga, koma tsopano mayina a anthu ndiwo amayamba, malo n'kumatsatira. Akulu adanena zoona kuti madzi saiwala khwawa.